Magadiyani, tilankhule opaleshoni isanayambe

Amayi anzanga, m'zipatala za pa Mzimba boma, Embangweni ndi Katete, amene amagona pambali pa bedi la wodwala nthawi zambiri ndife. Ndife timaphika phala, ndife timadziwa nthawi imene wodwala wathu amafooka. Zimene timadziwazo zingapulumutse moyo, bola tizinene.

Pali matenda ena osowa kwambiri otchedwa insulinoma. Ndi kachotupa ka m'kapamba kamene kamatulutsa insulini wochuluka, ndipo shuga wa m'magazi amatsika mopyola muyezo. Munthu amatuluka thukuta, kunjenjemera, kulankhula zosamveka, mwinanso kukomoka, makamaka m'mamawa asanadye. Akalandira chakudya amatsitsimuka. Kwathu kuno ena amafulumira kunena kuti ndi khunyu, vimbuza kapena ufiti. Komatu m'chaka cha 1938 dokotala Allen Whipple anafotokoza kale zizindikiro zitatu: kufooka kotere, shuga wotsika akayezedwa, ndi kuchira msanga munthu akapatsidwa shuga. Zotupa 9 mwa 10 zilizonse zotere si khansa, ndipo zikachotsedwa ambiri amachiriratu.

Ngozi ili pa kusala chakudya. Opaleshoni isanachitike wodwala amaletsedwa kudya kuti zakudya zingabwerere n'kulowa m'mapapo iye ali mtulo. Kwa wodwala uyu, njala ya usiku umodzi ndi yoopsa. Akagonekedwanso ndi mankhwala sangadandaule, pamene ubongo wake ukusowa shuga. N'chifukwa chake amamuika diripi ya shuga ndi kumuyeza pafupipafupi mpaka chotupa chitachoka, ngakhalenso pambuyo pake, poti shuga amatha kukwera.

Zomwezi zimakhudza abale athu ambiri odwala shuga amene amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide. Ena a ife, chifukwa cha chifundo, timawamwetsa phala mobisa. Ena timaopa kuoneka amwano, n'kungoyang'ana munthu akuzizira thukuta. Zonse ziwiri n'zolakwika.

Mwana wosalira amafera pamsana. Uzani namwino mankhwala onse amene wodwala amamwa ndi nthawi imene amakomoka. Mukaona zizindikiro usiku, itanani namwino ndi kupempha kuti amuyeze shuga. Kunyumba, ngati akutha kumeza, mpatseni madzi osungunulamo masupuni ang'onoang'ono atatu a shuga. Ngati wakomoka, musamuthire kanthu m'kamwa: mgonekeni chammbali, thamangirani kuchipatala.

Pamsonkhano wotsatira wa bungwe lathu, tiitane namwino adzationetse kayezedwe ka shuga.