Mlimi Wachikulire Asalandidwe Pensulo

Nthawi yokonza ndondomeko ya maphunziro a chilimwe yafikanso, ndipo m'komiti yathu mwabuka nkhani imene iyenera kufika kwa inu nonse owerenga kalatayi. Pali maganizo akuti maola anayi pa mlungu, amene timapatula kuti alimi achikulire aziphunzira kulemba, kujambula ndi kuyang'anitsitsa zachilengedwe, achotsedwe. M'malo mwake akuti tionjezere maphunziro a mankhwala ophera tizilombo ndi a kabwezedwe ka ngongole. Ine ndikupempha kuti maolawa asiyidwe, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Abale amene abweretsa maganizowa sakulankhula zopanda mutu. Tonse tikukumbukira chilala cha nyengo ya 2023 mpaka 2024. Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa tsoka, pamene mahekitala a chimanga pafupifupi 1 miliyoni, mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, anali atapserera ndi dzuwa. Munthu amene anaona nkhokwe yake ili mbee safuna kumva za zithunzi. Amati: tiphunzitseni zodzaza nkhokwe, zinazo n'za ana a sukulu. Funso ndi lakuti, kodi chimadzaza nkhokwe n'chiyani? Mbewu yabwino ndi fataleza zili ndi gawo lake, koma amene amasankha tsiku lobzala, amene amaona matenda asanafalikire, amene amadziwa ngati wapindula kapena waluza, ndi munthu. Maola anayi aja amanola munthuyo.

Tiyambe ndi kulemba. Mlimi aliyense amakumbukira kuti chaka chakuti mvula inali yabwino, koma ndi ochepa anganene tsiku limene inayamba, masiku amene inadula, ndi kuchuluka kwake. Chikhalirecho kuyeza mvula n'kosavuta. Chitini choongoka m'mbali, rula ndi kabuku n'zokwanira. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, kutanthauza malita 10,000 pa hekitala. Amene walemba manambala otere kwa zaka zisanu amadziwa munda wake kuposa mlangizi wochokera kutali, ndipo sathamangira kubzala ndi mvula ya chizimalupsa. Chimodzimodzi amene amalemba ndalama zimene analowetsa pa lima imodzi ya nshawa, kuyambira mbewu mpaka aganyu ndi matumba, sagonja msanga kwa ogula oyendayenda amene amafika ndi sikelo zawo anthu ali pa usiwa. Amawerenga pangano la thonje asanasaine, osati kungodinda chala pomwe wamulozera.

Wina anganene kuti ngati ndi choncho tiphunzitse manambala okha, nthano ndi makalata tisiye. Amene anaphunzitsapo akuluakulu amadziwa kuti kabuku ka manambala okhaokha kamafa mwezi usanathe. Dzanja lozolowera mpini limatopa ndi pensulo ngati mtima sulimo. Koma muuzeni mayi wa zaka makumi asanu kuti alembe mmene agogo ake ankasungira mbewu ya mapira pamwamba pa moto, kapena mmene ankasiyanitsira bowa wodyedwa ndi wakupha, mudzaona tsamba likudzaza. Dzanja likazolowera pa zimene mtima ukonda, manambala amalowa okha. Komanso zolembedwazo ndi chuma. Anthu odziwa mayina a ndiwo za kutchire, mitengo ya mankhwala ndi zizindikiro za mvula akutha mmodzimmodzi, ndipo aliyense akamapita amanyamula zake. Achikulire athu amakumbukira mmene mudzi unkakhalira chete Julius Chongo akayamba kusimba nkhani zake pa wailesi mu pulogalamu ya Poceza M'madzulo. Luso limenelo linachokera m'midzi ngati yathuyi. Lilipobe, likungosowa pepala.

Tsopano kujambula, kumene ambiri amakuyesa masewera. Mbozi za fall armyworm zinafika m'dziko muno kumapeto kwa 2016, ndipo mpaka lero alimi ambiri amazizindikira chimanga chitadyedwa kale mpaka kumtima. Mungamuuze munthu kakhumi kuti mbozi imeneyi ili ndi chizindikiro chonga chilembo cha Y chozondoka pamutu, ndi madontho anayi akuda okhala ngati ngodya za bokosi chakumchira. Adzavomera, mawa n'kuiwala. Koma muikireni mboziyo patsamba, mum'patse pensulo kuti aijambule. Adzaiyang'ana kwa mphindi makumi awiri, adzawerenga madonthowo yekha, ndipo sadzaisokonezanso ndi mbozi yoboola phesi. Akajambulanso mazira ake, amene amaikiridwa pamodzi patsamba atakutidwa ndi tiubweya, ndi timabowo toonekera ngati zenera timene tiana take timasiya, adzayamba kuigwira pa nthawi imene kuiphwanya ndi chala n'kokwanira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kujambula ndi sukulu ya kudekha kumeneko, ndipo chithunzi chikhale chokongola kapena chokhota zilibe kanthu.

Mbiri ya ulimi ili ndi mboni pa nkhaniyi. George Washington Carver, amene anabadwira mu ukapolo ku Missouri m'dziko la America, analowa koleji ya Simpson mu 1890 kukaphunzira kujambula ndi kuimba piyano. Mphunzitsi wake, Etta Budd, ataona mmene ankajambulira zomera, anamulangiza kuti akaphunzire sayansi ya zomera. Mu 1896 anapita ku Tuskegee, ku Alabama, kumene nthaka inali itaguga ndi thonje la chaka ndi chaka. Kumeneko anaphunzitsa alimi osauka kusinthanitsa thonje ndi nshawa, kandolo ndi nyemba, ndipo kuyambira 1906 maphunzirowo ankawafikitsa kumidzi pa ngolo. Sanasiye kujambula moyo wake wonse, ndipo ankapanga utoto ndi dothi la komweko. Diso limene linkaona mtundu wa duwa ndi lomwelo linkaona matenda patsamba.

Ndipo tisaganize kuti luso lotere n'lobwera. Pa mapanga a Thandwe kufupi ndi Chipata ndi a Kalemba ku Chadiza pali zithunzi zimene anthu akale anajambula pamiyala. Kutsidya kwa malire, zithunzi za ku Chongoni ku Dedza zinalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Amayi amene amazira nyumba ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda, abambo amene amaluka malichero ndi kusema mipini, onsewa ndi amisiri kale. Tikawapatsa pepala sitikuwaphunzitsa chachilendo, tikungowatsegulira khomo lina.

Gawo lachitatu ndi kuyenda m'munda ndi m'tchire popanda khasu, n'cholinga chongoona. Pano timaphunzitsa ulimi wa gamphani, ndipo timalangiza kubzala misangu motalikirana mamita 10 mbali zonse, mitengo 100 pa hekitala. Ambiri amamva langizoli koma sabzala, chifukwa kuyambira ubwana anauzidwa kuti mtengo m'munda umapha mbewu. Amene amabzala ndi amene anaima pansi pa msangu mu January n'kuona yekha kuti wayoyola masamba pamene mitengo ina yonse yabiriwira, kenaka n'kubweranso mu August kuupeza uli ndi mthunzi. Akaona chimanga cha pansi pake mmene chanenepera, safunanso womunyengerera. N'chimodzimodzi ndi kaufiti. Amene wayang'anitsitsa amaona kuti amachuluka pamene nthaka yatopa, ndipo amayamba kuganiza za manyowa ndi kasinthasintha wa mbewu m'malo moloza mnansi chala. Amene wakhala phee m'munda wa mpendadzuwa m'mawa n'kuona njuchi zikugwira ntchito sapopera mankhwala maluwa atatseguka. Amene waona nyerere ndi mavu zikunyamula mbozi amadziwa kuti ali ndi antchito osalipidwa, ndipo amaganiza kawiri asanayatse tchire pofuna mbewa. Ana athu a Pathfinder amaphunzira mayina a mbalame ndi mitengo n'kulandira zizindikiro. N'chifukwa chiyani makolo awo, amene moyo wawo wonse wadalira zimenezi, tiziwamana?

Pali dziko limene linayesa njira imeneyi kwa nthawi yaitali. Ku Denmark, m'busa wina dzina lake N.F.S. Grundtvig analimbikitsa sukulu za anthu akuluakulu a kumidzi, zopanda mayeso ndi zopanda satifiketi. Yoyamba inatsegulidwa ku Rødding mu 1844. Alimi ankabwera m'nyengo yozizira, ntchito ya kumunda itachepa, ndipo ankaphunzira mbiri ya dziko lawo, chinenero chawo, nyimbo ndi zachilengedwe. Mu 1882 alimi a ku Hjedding anayambitsa kopaletivu yoyamba ya mkaka m'dzikolo, ndipo m'zaka zochepa makopaletivu otere anafalikira ponseponse. Olemba mbiri ambiri amagwirizanitsa zinthu ziwirizi. Mlimi amene anaphunzira kuimirira n'kulankhula, kulemba zokambirana za msonkhano ndi kufunsa mafunso ndi amene anatha kuyendetsa kopaletivu. Ife kuno tili ndi makopaletivu ambiri amene amadzuka nthawi ya fataleza wa FISP n'kugonanso. Chimodzi mwa zimene zimawagonetsa n'chakuti mabuku onse amakhala m'manja mwa munthu mmodzi, ena onse sangathe kuwafufuza.

Kuyambira 2022 ana a m'dziko muno akuphunzira kwaulere mpaka Giredi 12, ndipo tikuthokoza. Koma bambo amene anasiyira Giredi 4 kuti akawete ng'ombe, ndi mayi amene anakwatiwa asanadziwe kulemba kalata, mwayi umenewu unawapitirira. Sadzakhala pa benchi limodzi ndi adzukulu awo. Malo ngati athu ano ndi okhawo kumene angagwire pensulo popanda manyazi, chifukwa amalowa pakhomo monga alimi, anzawo onse ali a msinkhu wawo.

Za ndalama, maphunzirowa ndi otsika mtengo kuposa ena onse amene tili nawo. Amafuna kabuku kachikuto cholimba, pensulo, makala ndi dothi la mitundumitundu. Aphunzitsi ena ali pakati pa ophunzira omwe: wodziwa mitengo atsogolere ulendo wa m'tchire, woumba miphika aonetse kumene kuli dothi labwino. Za nthawi, miyezi ya June mpaka September zokolola zimakhala zitalowa, ndipo maola anayi pa mlungu sangalepheretse munthu kukumba maenje ake a gamphani. Maphunziro a mankhwala ndi a ngongole ndi ofunika, ndipo malo ake apezeke m'mawa. Koma tikumbukire kuti malangizo a pabotolo la mankhwala ndi pepala la ngongole, zonse zimafuna munthu wodziwa kuwerenga modekha.

Choncho ndikupempha a komiti kuti asanagamule aitanitse timabuku ta ophunzira a chaka chatha, awerenge masamba ake ndi kuona zojambulazo. Inunso amene munadutsa pano, lembani kalata ku ofesi munene ngati maola aja anakuthandizani kapena anakutayitsani nthawi. Lembani m'Chinyanja, ndi dzanja lanu, ngakhale mizere itatu yokha. Komiti iwerenge mawu anu isanatseke ndondomeko ya chaka chino.