Mlatho sulimba mwamwayi



Lero tikambe za konkire. Inde, yomweyi ya simenti, mchenga ndi miyala. Tikamapita ku Namwera kapena ku Chiponde timaoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, pa Mangochi boma, womwe unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Koma ndi angati mwa ife aphunzitsi amene tinawafotokozerapo ana chifukwa chake mlatho wa konkire suthyoka lole ikamadutsa?

Konkire ndi yolimba poipsinja, koma poikoka imang'aluka msanga. Mankhwala ake ndi kukunga zitsulo mwamphamvu m'kati mwake kuti ikhale yofinyika nthawi zonse. Mmodzi mwa amene anapititsa patsogolo luso limeneli ndi injiniya wa ku Germany, Ulrich Finsterwalder, wobadwira ku Munich mu 1897, mwana wa katswiri wa masamu. Anayamba ntchito kukampani ya Dyckerhoff & Widmann mu 1923 ndipo anakhala komweko zaka 50. Iyeyu anaonetsa kuti mlatho wa konkire ungamangidwe popanda kuimika zochirikizira mumtsinje. Umayambira pansanamira, n'kumawonjezera chigawo uku, chigawo uko, mpaka mbali ziwiri zitakumana pakati pa madzi. Umu ndi m'mene anamangira mlatho wa ku Worms pa mtsinje wa Rhine mu 1953, kenako wa ku Bendorf mu 1965, womwe mpata wake wapakati ndi mamita 208. Anamwalira mu 1988.

Chondigwira mtima ine si mamitawo ayi, koma zaka 50 zija. Munthu mmodzi, kuphunzira chinthu chimodzi, osatopa.

Kwathu kuno mlatho ukakokoloka, monga yambiri inachitira ndi namondwe Freddy mu March 2023, timangoti madzi anachuluka. N'zoona anachulukadi. Komatu madzi amaululanso zimene zinabisika: thumba la simenti lomwe linalowera kwina, mchenga wadothi, konkire yomwe sinathiriridwe madzi. Mainjiniya amayeza mphamvu ya konkire pakatha masiku 28, pomwe ife timafuna tipondepo mawa lomwe. Kuthamanga si kufika, abale.

Maganizo anga ndi akuti vutoli limayambira m'kalasi. Timaphunzitsa masamu ndi fizikisi ngati zongokhozera MSCE basi, ndiye mwana amatuluka Fomu 4 akudziwa fomula koma osadziwa kuti ndi yomweyo yanyamula basi imene wakwera. Aphunzitsi anzanga, tiyeni tizitenga ana kukaona kalavati yapafupi, aone mng'alu, afunse chifukwa chake.

Nanu ophunzira anga akale amene muli ku MUBAS kapena mukuyang'anira zomangamanga, musasainire ntchito imene simungalole mayi anu kuolokapo. Ndipo mukabwera kumudzi patchuthi, mudzatipeze kusukulu mudzalankhule ndi achimwene ndi achemwali anu a Fomu 3.