Chidindo chopanda umboni: zimene zinaoneka ku Grenfell

Usiku wa pa 14 June 2017, firiji ya m'nyumba ina inayaka moto pa Grenfell Tower, nyumba ya nsanjika 24 mu mzinda wa London. Moto wotere umayenera kuthera m'nyumba momwemo. Koma unatulukira pawindo, n'kugwira malata okongoletsa amene anali atangokutidwa kunja kwa khoma, ndipo pasanathe theka la ola unali utafika pamwamba penipeni. Anthu 72 anafa.

Chimene chatichititsa kulemba nkhaniyi n'chakuti zipangizo zimene zinapsazo sizinali zogula kuseri. Zinali ndi ziphaso zochokera ku mabungwe odziwika, amene amati ndi oima paokha. Nanga chiphaso chotere chimatanthauza chiyani?

Bungwe lofufuza za ngoziyi, lotsogozedwa ndi Sir Martin Moore-Bick, linatulutsa lipoti lake lomaliza pa 4 September 2024. Linapeza kuti makampani opanga zipangizozo anachita chinyengo mwadala kwa zaka zambiri, ndipo opereka ziphaso anangolola.

Tiyambe ndi malata aja, amene lipotilo likuti ndi amene anafalitsa kwambiri motowo. Anapangidwa ndi kampani ya Arconic: timalata tiwiri ta aluminiyamu, pakati pake pali pulasitiki. Malatawa amakhomedwa m'njira ziwiri, kungowakhomera ali osalala kapena kuwapinda ngati kabokosi n'kuwakoloweka. Pofika 2005 kampaniyo inali itayesetsa mitundu yonse iwiri ku France, ndipo inadziwa kuti opindawo amayaka moopsa. Popempha chiphaso ku British Board of Agrément, BBA, inabisa zotsatira zoipazo n'kupereka zabwino zokha. Chiphaso chinatuluka mu 2008 osasiyanitsa mitundu iwiriyo. Pa Grenfell anakoloweka opinda aja.

Inde, wakuba ndi amene anabisa. Koma mlonda anali kuti? Nthawi younikanso chiphasocho itakwana, a BBA analembera kampaniyo kangapo kupempha zambiri, osayankhidwa. M'malo molanda chiphaso, anachisiya kuti chipitirire. Ife tikuti munthu amene wakana kuonetsa umboni wayankha kale.

Za kampani ya Celotex n'zochititsa manyazi koposa. Iyo inkapanga thovu louma lotchinga kuzizira, loika kuseri kwa malata. Itayesetsa thovulo pa khoma loyeserera kumayambiriro kwa 2014, linalephera. Mu May chaka chomwecho anayesanso, koma ulendo uno anabisa m'khomamo mabolodi osagwira moto, ndipo linakhoza. Lipoti la malo oyesera a Building Research Establishment, BRE, silinatchule mabolodiwo. Ndiye kuti khoma limene linakhoza mayeso ndi lina, limene ogula ankauzidwa ndi linanso. Bungwe lina lopereka ziphaso, la LABC, linafika potenga mawu olembedwa ndi kampaniyo n'kuwaika pa chiphaso chake. Mwana wasukulu kudzilembera yekha malikisi, aphunzitsi n'kungosaina!

Nayo Kingspan, imene thovu lake linalipo pang'ono pa nyumbayo, inasintha kapangidwe ka thovulo mu 2006 koma n'kumagulitsabe ndi lipoti la mayeso a 2005. Lipotilo inalichotsa mu 2020, anthu ataikidwa kale m'manda.

Gwero la zonsezi silovuta kuliona. Boma la Britain linagulitsa BRE mu 1997, ndipo oyesa ndi opereka ziphaso amadya ndalama za makampani omwewo amene akuwayesa. Kasitomala akakhumudwa amapita kwina. Zotsatira za mayeso zinkatengedwa ngati chinsinsi cha amene walipira, kotero kampani inkatha kulephera, kubisa pepalalo mu diloo, kuyesanso mpaka zitatheka. Kodi mungamutche woima payekha munthu amene mchere wa kunyumba kwake umachokera kwa amene akumuweruza?

Maganizo athu ndi akuti chiphaso chisamatuluke pokhapokha kampani itatula mayeso onse amene inachititsapo, makamaka amene inalephera, chifukwa ndi m'menemo muli choonadi. Chimene chayesedwa chikhale chomwecho chimene chili pa msika, chokhomedwa monga mmene amisiri adzachikhomere, ndipo oyesa azikatenga okha ku fakitale kapena ku sitolo, osati kudikira chosankhidwa ndi mwini wake. Kapangidwe kakasintha, chiphaso chakale chife pomwepo. Ndipo malipotiwa azikhala poyera, kuti injiniya, ozimitsa moto, ngakhale mayi wochita lendi pa nsanjika ya 20, athe kuwawerenga.

Amalonda adzati izi n'zodula ndipo zichedwetsa ntchito. N'zoona, kuotcha khoma lathunthu loyeserera si ndalama zochepa. Komatu ku Grenfell malata a aluminiyamu anasankhidwa m'malo mwa a zinki pofuna kupulumutsa ndalama zosakwana mapaundi 300,000. Awerengere okha.

Boma la Britain linaletsa zipangizo zogwira moto kunja kwa nyumba zogonamo zazitali kupitirira mamita 18 mu 2018, ndipo linakhazikitsa lamulo la Building Safety Act mu 2022. Lipoti la Moore-Bick linapempha kuti pakhale woyang'anira mmodzi wa ntchito zomanga, amenenso aziona za kuyesa ndi kupereka ziphaso. Poyankha mu February 2025, boma linavomera za woyang'anirayo koma linakana kuti iye aziyesa yekha zipangizo. Ntchitoyo yatsalabe m'manja mwa mabungwe olipidwa ndi makampani, ndipo apa m'pamene tikuona kuti bala silinatsukidwe bwino.

Wina afunsa kuti za ku London zikutikhudza bwanji. Zipangizo zambiri zomangira nyumba zazitali za ku Lilongwe ndi ku Blantyre n'zochokera kunja, ndipo zimabwera ndi mapepala a kunja komweko. Tikupempha a Malawi Bureau of Standards ndi makhonsolo amene amavomereza mapulani kuti akalandira chiphaso cha chipangizo chokuta khoma, azifunsanso lipoti lonse la mayeso: anayesa ndani, chaka chiti, anachikhoma motani, ndipo analipira ndani. Wobweretsa katundu akalephera kuyankha, katunduyo asakwere pa khoma.