Agogo Athu Sapita ku Sikelo

Ndapempha malo pang'ono m'magazini yathu ino kuti ndinenepo za nthenda imene ambiri a ife timachita manyazi kuitchula, ndiyo khansa ya m'mawere. Ena adzati, "Kodi za mawere a akuluakulu zimkhudza bwanji mwana wa sukulu?" Ine nditi zitikhudza ndithu, pakuti amene amatilipirira fizi, natitumizira chiponde ndi chimanga chokazinga kuno ku sukulu yogonera, ndiwo amene nthendayi imawagwira kawirikawiri.

A bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, anawerenga kuti m'chaka cha 2022 akazi ngati 2.3 miliyoni anapezeka ndi nthendayi, ndipo 670,000 anamwalira nayo. Iwo atinso pafupifupi theka la odwalawo alibe chifukwa china chodziwika, koma kungoti ndi akazi ndipo apitirira zaka 40. Ndiye kuti mkazi akamakula, ngozi nayonso imakula. Amuna nawo imawagwira, koma mwa apo ndi apo.

Tsono taganizani. Kodi amayi a kwathu amamvera kuti uphungu wa zaumoyo? Amaumvera ku sikelo, kumene anamwino ndi alangizi a zaumoyo amayamba aphunzitsa asanayeze ana. Koma okhala pa mabenchi amenewo ndi amayi oyembekezera ndi a makanda kumbuyo. Mayi amene analeka kubala sapitakonso. Iye ali kumunda kupalira mtedza, ali kudimba, kapena ali pa msika wa Kamwendo kugulitsa tomato. Motero uthenga umafika kwa amene ngozi yawo ili yochepa, nulambalala amene ngozi yawo ili yaikulu.

Nthendayi ilinso ndi chinyengo chake. Ife tinazolowera kuti matenda ndi ululu, ndipo munthu amene sakumva kuwawa timati ali bwino. Koma khansa ya m'mawere kawirikawiri poyamba siwawa ayi. Imabwera ngati kachotupa kolimba m'bere, kapena ngati mwanabere m'khwapa amene saphwa. Nthawi zina khungu la bere limachita timaenje ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere imalowa m'kati, kapena imatulutsa magazi. Agogo amene amasenza mtolo wa nkhuni kuchokera kutali osadandaula, kodi angalipire minibasi chifukwa cha kanthu kosawawa? Iwo amangoti, "Ndi ukalamba umenewu," nafunda chitenje chawo. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, zimenezo n'zoona. Koma palibe munthu angasiyanitse ndi maso, ngakhale mwiniwake. Ndi kuchipatala kokha kumene angapime ndi kunena.

Kachotupa kaja kakakula, ena amati munthu walodzedwa, napita naye kokatemera mphini. Ena amati n'chifukwa chosunga ndalama kapena foni pachifuwa, chinthu chimene madotolo sanachipeze kuti n'choona. Ine sindifuna kunyoza makolo, koma miyezi imene imathera m'zimenezi ndiyo imene khansa imayendera kupita m'mapapo, m'chiwindi ndi m'mafupa. Ku maiko olemera, mwa akazi 10 opezeka ndi nthendayi, oposa 9 amakhala ali moyo patapita zaka 5; ku South Africa ndi 4 okha. Nthenda ndi yomweyo, koma ena amafika msanga ndi kulandira mankhwala msanga. Akuluakulu anati mmera m'poyamba. N'chifukwa chake a WHO anaika muyezo wakuti munthu akafika kuchipatala ndi chotupa, adziwe chimene chili pasanathe masiku 60.

Wina adzati makina ounikira mawere ali m'mizinda, ife kuno tichitenji? Tamverani. M'chaka cha 2015 ku Lilongwe, amayi anayi wamba, osati madotolo, anaphunzitsidwa kupima mawere ndi manja okha, ndipo anapima amayi 1,000 m'zipatala za mumzindawo. Ngati amayi wamba anatha kupima, kodi ife a Fomu 3 ndi Fomu 4, amene timajambula ziwalo za munthu m'makope a Biology, tingalephere kungonena chabe?

Ndidziwa kuti nkhaniyi ndi yolemera pakamwa. Mnyamata sangakhale pansi ndi amayi ake ndi kuyamba za mawere. N'kupanda ulemu, ndipo ine sindimuuza kutero. Koma mwambo wathu womwewo unatisiyira khomo lina. Ndi agogo timaseka nawo momasuka. Mdzukulu wamwamuna amamutcha "amuna anga," wamkazi amamutcha "mkazi mnzanga," ndipo zimene sitinganene kwa mayi, kwa agogo zimaneneka. Pokazinga chimanga madzulo munthu angathe kufunsa, "Agogo, kodi munayamba mwapimitsako mawere kuchipatala? Ati kachotupa kosawawa ndiye koyenera kukaonetsa." Za amayi otibala tingadzere kwa azakhali kapena kwa anamkungwi, amene mawu awo amamveka pakati pa akazi kuposa athu.

Kunena kokha sikukwanira. Wodwala akayamba pa chipatala chaching'ono cha pafupi, angatumizidwe ku chipatala cha boma ku Mchinji, ndipo akafunika chithandizo chachikulu amapita ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene kuli malo ochizira khansa. Zipatala za boma sizilipiritsa, koma minibasi imalipiritsa, ndipo ulendo si umodzi ayi. Apa ndipo pali ntchito ya mwana wophunzira: kuperekeza, kuwerenga zimene zalembedwa m'buku la kuchipatala, kukumbutsa tsiku lobwererako, ndi kuuza amalume kuti pogulitsa soya ndi mtedza apatuleko ya ulendo wa agogo.

Kwa inu Aphunzitsi Aakulu ndili ndi pempho limodzi. Mwezi wa October ndiwo umene dziko lonse limakumbutsana za nthendayi, ndipo ife timakhala tili pa sukulu. Mutiitanire namwino mmodzi adzatiphunzitse tonse, anyamata ndi atsikana, m'mwezi umenewo, kuti potsekera tchuthi cha Khirisimasi tidzanyamule zoona zokhazokha popita kumudzi.

Wophunzira wa Fomu 3