Imelo ikavuta, musathamangire kufomata kompyuta

M'maofesi ambiri, Outlook ikangosiya kulandira makalata, mawu oyamba kumveka amakhala akuti "yalowa vayirasi". Mmisiri amaitanidwa, ndipo iye osafunsa zambiri amafufuta zonse n'kuikamo Windows wina. Pofika madzulo makina akuthamanga bwinobwino, koma makalata a zaka zingapo, makoteshoni ndi mapangano a makasitomala apita. Chizolowezi chimenechi chikupweteka anthu ndipo chiyenera kutha.

Makalatawo amatayika chifukwa cha momwe pulogalamu imawatengera ku seva. Njira zofala zilipo ziwiri, POP ndi IMAP. IMAP imasiya makalata pa seva, moti kompyuta ikafa munthu amawapezabe pa foni. POP imawakokera mu kompyuta, ndipo ngati mwini sanasinthe kanthu, seva imafufuta ake pakatha masiku 14. Mu Outlook, makalata onse a POP amakhala m'fayilo imodzi yothera ndi .pst. Fayilo imeneyo ikafufutidwa palibe kwina kokawafuna.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zambiri zomwe zimavutitsa pulogalamu ya imelo n'zazing'ono. Nthawi zina bandulo yangotha. Nthawi zina wina anadina mwangozi batani la Work Offline, ndipo Outlook yangokhala phee, osalankhulanso ndi seva. Kalata yonyamula zithunzi zolemera imathanso kukakamira mu Outbox, chifukwa Gmail salola zomata zoposa 25 MB pa kalata imodzi. Malo aulere a 15 GB omwe Google imapereka, ogawana ndi Google Drive komanso Google Photos, akadzaza, makalata atsopano amabwerera kwa owatumiza.

Palinso vuto lina lomwe anthu saliganizira. Mkati mwa kompyuta muli kabatire kozungulira, kofanana ndi khobidi, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi makina akazimitsidwa. Kakatha mphamvu, kalendala ya pakona ya sikirini imabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Pulogalamu ikaona tsiku lolakwikalo imakayikira satifiketi ya chitetezo ya seva n'kuyamba kutulutsa machenjezo. Kukonza tsiku n'kugula kabatire ka CR2032 ndiye mankhwala ake.

Nanga ija yomangofunsa pasiwedi mobwerezabwereza, ngakhale kalaliki akulemba yolondola? Apa wolakwa si kalaliki ayi. Kuyambira pa 30 May 2022, Google inatseka njira yakale yolowera mu Gmail ndi dzina komanso pasiwedi basi kudzera m'mapulogalamu akale. Microsoft nayo inachita chimodzimodzi ndi Outlook.com mu September 2024. Ofesi yomwe ikadali ndi Outlook 2010 kapena Windows Live Mail, imene Microsoft inasiya kuisamalira mu 2017, ikhoza kufomata kompyuta kakhumi koma vuto lidzakhalapobe. Chofunika ndi pulogalamu yamakono. Amene alibe ndalama ya laisensi akhoza kutenga Thunderbird ya Mozilla, yomwe ndi yaulere.

Kuzimazima kwa magetsi nakonso kumawononga fayilo ya .pst, makamaka akazima Outlook ili mkati molemba. Komabe Office imabwera ndi kachida kake kokonzera, scanpst.exe, kamene amisiri ena sanakatseguleko n'komwe. Fayilo yowonongeka nthawi zambiri imachira nako.

Kufomata kumakomera mmisiri chifukwa n'kwachangu ndipo sikufuna kuganiza. Wotaya ndi mwini ofesi. Choncho mabwana asamalole munthu kugwira kompyuta asanakopere fayilo ya .pst pa fulashi, iwo akuona. Afunsenso ngati imelo yawo ili pa POP kapena IMAP, ndipo ngati ili pa POP, aisamutsire ku IMAP sabata ino.