Ndege zotsika mtengo zidakula m'nthawi ya mliri, koma adalipira ndani?

M'chaka cha chuma chomwe chidatha mu Malichi 2025, kampani ya ndege ya Ryanair ya ku Ireland idanyamula anthu opitirira 200 miliyoni, chiwerengero chomwe palibe kampani ina ya ndege ku Ulaya idafikapo m'chaka chimodzi. Phindu lake lidali €1.6 biliyoni. Zaka zinayi zokha m'mbuyomo, mliri wa Covid-19 utatseketsa malire a maiko, kampani yomweyi idanyamula anthu 27.5 miliyoni okha, kutsika kuchoka pa 149 miliyoni, ndipo idaluza €815 miliyoni.

Kudzuka kotereku kwatamandidwa kwambiri m'nkhani za malonda. Koma pali mbali ina yomwe siikambidwa mokwanira. M'miyezi yomwe kampaniyi inkauza oyendetsa ndege ake kuti avomere kudulidwa malipiro pofuna kuteteza ntchito zawo, inkakambirananso zogula ndege zina zatsopano. Funso likhale lakuti: ndalama zomwe ogwira ntchito adalolera kutaya zidapulumutsa kampani ku imfa, kapena zidathandiza kuikulitsa?

Chinsinsi cha tikiti yotchipa

Kampani ya ndege zotsika mtengo imadalira kuchepetsa ndalama zomwe imawononga pa munthu aliyense wokwera. Ryanair imagwiritsa ntchito kwambiri mtundu umodzi wa ndege, Boeing 737, kuti maphunziro a oyendetsa, zipangizo zokonzera ndi amakaniko zikhale za mtundu umodzi. Ndege ikatera imayembekezeka kunyamukanso pakatha mphindi 25 zokha. Kawirikawiri imasankha mabwalo a ndege ang'onoang'ono omwe salipiritsa zambiri. Tikiti imakhala ya mpando wokha. Chikwama, kusankha malo okhala ndi chakudya zimalipiridwa padera, ndipo ndalama zapaderazi zimafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zonse zomwe kampani imapeza.

Malonda otere amayenda bwino ndege zikamadzaza ndiponso zikamakhala mumlengalenga maola ambiri. Maulendo akaima, ndalama za mafuta zimatsika zokha, popeza ndege yoima siimwa mafuta. Koma ngongole, kusamala ndege ndi malipiro sizidikira kuti mliri uthe. Pa zitatuzi, chomwe mabwana angachikhudze msanga ndi malipiro. N'chifukwa chake mu 2020, chaka chomwe bungwe la makampani a ndege la IATA lidati maulendo a pa ndege adatsika ndi pafupifupi 66 peresenti, maso a akuluakulu a makampani adapita kaye pa anthu apantchito.

Mwini nkhokwe m'chaka cha njala

Aliyense wodziwa moyo wa kumudzi akudziwa kuti m'chaka cha njala, yemwe nkhokwe yake ili yodzaza ndiye amagula mbuzi ndi ng'ombe za anzake pamtengo wolira. Ryanair idalowa mumliri ili ndi ndalama pafupifupi €4 biliyoni m'thumba, ndipo ndege zake zambiri zidali zakezake, osati zobwereka. Idakongola £600 miliyoni kudzera mu ndondomeko ya Bank of England yothandiza makampani. Mu Sepitembala 2020 idapezanso €400 miliyoni pogulitsa masheya atsopano ndi €850 miliyoni ya ngongole ina.

Anzake ambiri sadali choncho. Kampani ya Flybe ya ku Britain idagwa mu Malichi 2020. Norwegian idasiya maulendo ataliatali kumayambiriro kwa 2021. Alitalia ya ku Italy idatseka mu Okutobala 2021. Makampani akuluakulu adapulumuka ndi thandizo la maboma: Lufthansa idalonjezedwa €9 biliyoni ndi boma la Germany, Air France €7 biliyoni, ndipo KLM €3.4 biliyoni. Ryanair idatengera nkhani zambiri za thandizoli kukhoti, ponena kuti likupha mpikisano, ndipo mu Meyi 2023 khoti la European Union lidathetsa chilolezo cha gawo la €6 biliyoni la thandizo la Lufthansa.

Nayo kampani yopanga ndege ya Boeing idali pamavuto aakulu. Ndege zake za mtundu wa 737 MAX zidaletsedwa kuuluka mu Malichi 2019, potsatira ngozi ziwiri, ya Lion Air ku Indonesia ndi ya Ethiopian Airlines pafupi ndi Addis Ababa, zomwe zidapha anthu 346. America itangochotsa chiletsocho mu Novembala 2020, Ryanair idaitanitsa ndege zina 75 za mtunduwu mu Disembala, kufikitsa oda yake pa 210. Wogulitsa akakhala kuti akusowa ogula, wogula woyamba ndiye amatchula mtengo. Ndegezi zili ndi mipando 197 m'malo mwa 189, ndipo malinga ndi kampaniyi zimamwa mafuta ochepa ndi 16 peresenti pa mpando uliwonse.

Mabwalo a ndege omwe adasiyidwa opanda makasitomala nawo adatsitsa mitengo pofuna kukopa aliyense amene akadali ndi mphamvu zoulutsa ndege. Ku Italy, Ryanair idakula mpaka kutenga pafupifupi 40 peresenti ya msika. Mu Sepitembala 2021, mliri usadathe n'komwe, idakweza chiwerengero cha anthu omwe inkafuna kumanyamula pofika 2026 kuchoka pa 200 miliyoni kufika pa 225 miliyoni.

Zomwe oyendetsa ndege adasainira

Pa 1 Meyi 2020, Ryanair idalengeza kuti ikhoza kuchotsa ntchito anthu okwana 3,000, makamaka oyendetsa ndege ndi othandiza anthu m'ndege, komanso kudula malipiro ndi mlingo wofika mpaka 20 peresenti. Mkulu wa kampaniyi, a Michael O'Leary, adadula malipiro awo ndi theka.

Mu Julayi chaka chomwecho, oyendetsa ndege a ku Britain, kudzera m'bungwe lawo la BALPA, adavomera kudulidwa 20 peresenti, pamgwirizano wakuti ndalamazo zizibwezeretsedwa pang'onopang'ono m'zaka zinayi. Zimenezi zidateteza ntchito 260. Ku Germany, bungwe la Vereinigung Cockpit litakana, kampaniyi idalengeza kuti itseka malo ake pa bwalo la Frankfurt Hahn ndipo idaopseza kutsekanso ena. Pasadathe masiku ambiri, bungwelo lidavomera.

Chiwerengero cha 20 peresenti sichisonyeza ululu wonse. Gawo lina la malipiro a woyendetsa ndege limachokera pa maulendo omwe wauluka, kotero ndege zikaima gawoli limatha lokha. Ambiri mwa achinyamata a ntchitoyi amayamba ali ndi ngongole zazikulu za maphunziro, zomwe amalipira okha. Komanso lamulo limafuna kuti woyendetsa ndege akhale atanyamutsa ndi kuteretsa ndege katatu m'masiku 90 apitawo asadanyamule anthu. Munthu wochotsedwa ntchito m'nthawi yomwe palibe kampani ikulemba anthu amataya malipiro, kenako ziyeneretso zake zimayamba kufota. Munthu wotere alibe mphamvu pa tebulo la zokambirana. M'chaka choyamba cha mliri, ndalama zomwe Ryanair idawononga pa ogwira ntchito zidatsika ndi kuposa theka, mbali ina chifukwa maboma ankathandiza kulipira anthu omwe adali pakhomo.

Kampaniyi ili ndi yankho lomwe siliyenera kunyozedwa. Pomwe British Airways idalengeza zochotsa anthu ofika 12,000, Ryanair idasunga ambiri mwa anthu ake ndipo idaonetsetsa kuti ziphaso zawo zisathe mphamvu. Maulendo atabwerera mwamphamvu m'chilimwe cha ku Ulaya cha 2022, makampani ndi mabwalo omwe adachotsa anthu ambiri adasowa pogwira, moti bwalo la Heathrow ku London lidaika malire a anthu 100,000 onyamuka pa tsiku. Ryanair idali yokonzeka, ndipo idaulutsa ndege zambiri kuposa mmene inkachitira mliri usadabwere. Woyendetsa ndege yemwe adasunga ntchito ndi malipiro operewera adali pabwino kuposa mnzake amene adakhala pakhomo zaka ziwiri.

Vuto lidali m'kalembedwe ka mgwirizano. Kubwezeretsa malipiro kudamangidwa pa kalendala, osati pa mmene chuma cha kampani chikuyendera. Maulendo adabwerera msanga kuposa mmene zinkayembekezeredwa, mitengo ya zinthu m'maiko ogwiritsa ntchito yuro idakwera ndi 10.6 peresenti pofika Okutobala 2022, koma ogwira ntchito adali akulandirabe malipiro a nthawi ya mliri. Lipoti la kampani lomwe lidatuluka mu Julayi 2022 lidasonyeza kuti malipiro a a O'Leary adali atabwerera kale mwakale. M'chilimwe chomwecho kudabuka masitalaka ku Spain, Belgium ndi maiko ena. Kumapeto kwa 2022 kampaniyi idalengeza kuti ibwezeretsa malipiro onse kuyambira mu Disembala kwa ogwira ntchito opitirira 90 peresenti omwe mabungwe awo adasaina migwirizano yatsopano ya nthawi yaitali, miyezi 28 isadafike nthawi yomwe adapangana. Ku Belgium mkangano udapitirira mpaka mu 2023.

Chaka chomwe chidatha mu Malichi 2023, phindu lidali €1.43 biliyoni, ndipo chaka chotsatira lidafika pa €1.92 biliyoni. Mu Meyi 2023 kampaniyi idapangana ndi Boeing za ndege zina zofika 300. Eni masheya adayamba kugawana phindu, €400 miliyoni poyambira. Ogwira ntchito adabwezeredwa mlingo wa malipiro awo, koma m'zaka zowawazo adali ngati akongoza kampani ndalama popanda chiwongoladzanja.

Phunziro la Wizz Air

Kuti tione ngati kudula malipiro ndiko kudapambanitsa Ryanair, tiyenera kuyang'ana mnzake wampikisano, Wizz Air ya ku Hungary, yotsogozedwa ndi a József Váradi. Mu Epulo 2020 idachotsa anthu 1,000, omwe ndi 19 peresenti ya ogwira ntchito ake, n'kudula malipiro a otsala ndi pafupifupi 14 peresenti. Nayo idatsegula malo atsopano ambiri, idayambitsa nthambi ku Abu Dhabi mu Januwale 2021, ndipo mu Novembala chaka chomwecho idaitanitsa ndege 102 za Airbus.

Koma Wizz Air idasiya kugula mafuta mwa mgwirizano wa mtengo wokhazikika, pomwe Ryanair idali itatetezeratu mbali yaikulu ya mafuta ake pamtengo wotsika. Nkhondo ya ku Ukraine itakweza mafuta mu 2022, Wizz Air idaluza €535 miliyoni m'chaka chomwe Ryanair idapindula €1.43 biliyoni. Kenako ndege zake pafupifupi 40 zidaima chifukwa cha vuto la mainjini a Pratt & Whitney, ndipo mu Sepitembala 2025 idatseka nthambi ya ku Abu Dhabi. Makampani onse awiri adadula malipiro. Chidawasiyanitsa ndi ziganizo za mabwana pa nkhani ya mafuta, ngongole ndi malo ochitira malonda, zinthu zomwe woyendetsa ndege alibe nazo mawu.

Nkhani yomweyi ku South Africa

Izi si za ku Ulaya kokha. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri amakhala ndi kugwira ntchito, mliri udagwetsa Mango, yomwe idasiya kuuluka mu Julayi 2021, ndi Comair, mwini wa kulula.com, yomwe idathetsedwa mu Juni 2022 ili ndi pafupifupi 40 peresenti ya mipando ya maulendo a m'dzikolo. FlySafair idalowa m'malo omwe adatsala opanda mwini, mpaka kutenga pafupifupi 60 peresenti ya msika.

Mu Julayi 2025 oyendetsa ndege ake a m'bungwe la Solidarity adanyanyala ntchito. Ankafuna kukwezedwa ndi 10.5 peresenti, ponena kuti malipiro awo sadabwerere pomwe adali mliri usadafike, pomwe kampani inkapereka 5.7 peresenti. Adadandaulanso ndi ndandanda yatsopano ya ntchito, yomwe adati siiwapatsa mpata wokwanira wopuma ndi wokhala ndi mabanja awo. Mkanganowo udatha patapita masiku 12, bungwe la CCMA litalowererapo. Apa padaoneka chinthu china: kampani imodzi ikatsala yokha pamwamba, mkangano wake ndi ogwira ntchito umasanduka vuto la wapaulendo aliyense, chifukwa kothawira kumakhala kochepa ndipo matikiti a makampani otsalawo amakwera.

Njala ina ikadzabwera

Malonda a ndege sakhalitsa osakumana ndi chimphepo: zigawenga za mu 2001, kugwa kwa chuma mu 2008, mliri mu 2020. China chidzabwera, ndipo makampani omwe ali ndi ndalama adzachiona ngati mwayi wokula. Palibe cholakwa m'zimenezo, ndipo apaulendo ambiri apindula ndi matikiti otchipa.

Koma mabungwe a ogwira ntchito aphunzira kuti posaina mgwirizano wodula malipiro, funso lalikulu si la kuchuluka kwa peresenti, koma la chomwe chidzachititse kuti ndalamazo zibwerere. Mgwirizano wachilungamo uyenera kunena kuti phindu kapena chiwerengero cha apaulendo chikafika pamlingo wakutiwakuti, malipiro abwerere pompo, ndipo mabwana ndi eni masheya asayambe kudya antchito asadabwezeredwe. Mfundoyi si yachilendo kwa Ryanair. A O'Leary ali ndi mgwirizano wowalola kugula masheya 10 miliyoni pamtengo wa €11.12 iliyonse ngati mtengo wa sheya utakhala pamwamba pa €21 kwa masiku 28, zomwe zidatheka mu 2025. Akakhalabe paudindo mpaka mu 2028, akhoza kupindula ndalama zoposa €100 miliyoni. Mphotho yawo idamangidwa pa kupambana kwa kampani. Oyendetsa ndege omwe adanyamula nawo mtolo wa 2020 sadapatsidwe mgwirizano wotere, ndipo n'zokayikitsa kuti ulendo wina adzasaina popanda kuufunsa.