Vuto Si Foni Ayi, Ndi Netiweki: Chikalata Chochokera ku Sasare

Kwa akuluakulu a bungwe la ZICTA, a Nduna yoona za luso lamakono ndi sayansi, makampani onse opereka netiweki ya mafoni m'Zambia, mafumu athu olemekezeka, makhansala ndi akuluakulu a boma ku Petauke, ku Lusangazi ndi ku Nyimba, ndiponso anzathu onse okhala m'dera lino.

Ife a komiti ya bungwe la alimi ndi amalonda ang'onoang'ono a kuno ku Sasare, titamva madandaulo a mamembala athu m'misonkhano yathu, tagwirizana kulemba chikalata ichi kuti chiwerengedwe poyera. Nkhani yake ndi ya mafoni a tachi amene anthu athu akugula ndi ndalama za thukuta lawo, komanso netiweki imene mafoniwo amadalira. Tikunena mosapita m'mbali kuti munthu wa ku Sasare akakhumudwa ndi foni yake, kawirikawiri cholakwika sichikhala m'fonimo. Chimakhala pa nsanja ya netiweki, kapena pamalo pamene panayenera kuima nsanja koma mpaka lero palibe.

Tiyambe ndi mmene foni imafikira kumudzi. Mlimi akagulitsa soya, nshawa kapena mpendadzuwa, amakwera galimoto kupita ku boma ku Petauke, ena mpaka ku Nyimba. M'sitolo amasankha Tecno, Itel kapena Samsung, malinga ndi thumba lake. Wogulitsa amamuikira simu, foni iyaka, pamwamba pa galasi palembedwa 4G, WhatsApp itseguka nthawi yomweyo, vidiyo iyenda osadukiza. Munthu alipira mtima uli m'malo. Pobwerera, akangosiya msewu waukulu wa Great East n'kuyamba kulowa m'mapiri, chilembo chija chisintha kukhala H, kenako E, ndipo pofika pakhomo timizere tonse tazimiririka. M'mawa mwake ajambula tsamba la chimanga limene mbozi zaboola kuti atumizire mlangizi wa zaulimi, koma chithunzicho chingozungulira mpaka dzuwa kupendeka. Sabata yotsatira alipiranso galimoto kubwerera kusitolo kukanena kuti anamugulitsa gong'a. Wogulitsa aiyatsa pamaso pake, foni igwira bwinobwino. Awiriwa asiyana atayambana, chonsecho palibe amene wanamiza mnzake. Ena mwa ogulitsa ndi okonza mafoni ndi mamembala athu, ndipo atopa kutchedwa akuba pa mlandu umene si wawo.

Anthu athu ayenera kudziwa chifukwa chake zinthu zimatere, kuti asamataye ndalama kukonzetsa chinthu chosawonongeka. Foni ya mabatani imafuna zochepa: mawu ndi ma SMS basi, ndipo izi netiweki yakale ya 2G imazinyamula. Foni ya tachi inapangidwira intaneti. Pafupifupi chilichonse chimene chinakopa munthu kuti aigule, kaya ndi zithunzi, mauthenga a mawu, Facebook, kuonana nkhope ndi mwana amene ali ku Lusaka kapena ku Kitwe, chimayenda pa data. Chilembo cha E chikaoneka, ndiye kuti foni yagwera pa 2G, ndipo pamenepo data imayenda pang'onopang'ono kwambiri moti mapulogalamu a masiku ano amalephera. Kukhala ndi foni yotere pamalo otere kuli ngati kugula pulawo ulibe ng'ombe.

Dandaulo limene timalimva koposa ndi la batire. Anthu amati batire ndi yachinyengo chifukwa imatha dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo foni imatentha m'thumba osaigwiritsa ntchito. Chimachitika n'chakuti foni ikakhala kutali ndi nsanja imawonjezera mphamvu kuti imveke, ndipo netiweki ikasowa imakhalira kuifunafuna osapuma. Zonsezi zimadya moto. Kwa munthu wa m'tauni ili ndi vuto laling'ono, amangolumikiza kukhoma. Kwa ife amene timatchaja pa kasola kapena kulipira patsitolo kuti atitchajire, ndi ndalama yotuluka tsiku ndi tsiku. Palinso china chimene chimasokoneza ambiri: timizere tikhoza kudzaza koma intaneti osayenda. Timizere timangosonyeza kuti foni ikumvana ndi nsanja. Ngati nsanjayo yadzaza ndi anthu, monga zimakhalira madzulo kapena nthawi yogulitsa mbewu, kapena ngati njira yoilumikiza ku netiweki yaikulu ndi yopapatiza, munthu amangoyang'ana galasi osapeza kanthu. Dera lathu ndi la mapiri ndi zigwa, ndipo phiri limatchinga netiweki. N'chifukwa chake pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi chulu chake kapena mtengo wake wodziwika pamene anthu amakaima dzanja lili m'mwamba. Agogo ndi amayi oyembekezera sakwera zulu.

Chimene chimatiwawa kwambiri ndi mtengo. Bando imagulidwa pa mtengo umodzi, kaya munthu ali ku Kabulonga mu Lusaka kaya ali ku Sasare. Msonkho wa 17.5 peresenti umene boma limadula pa toktaimu timalipira mofanana. Msonkho wa potumiza ndalama pafoni, umene unayamba mu Januwale 2024, sutisiya. Koma bando ya tsiku limodzi imawerengedwa ndi wotchi, osati ndi ntchito imene yagwira. Mayi wogulitsa zitumbuwa agula bando m'mawa kuti alankhule ndi mwana wake, netiweki ichoka, ibweranso mawa, uthenga woyamba kulowa ndi wakuti bando yanu yatha nthawi. Sanatsegule ngakhale chithunzi chimodzi. Wogulitsa wina aliyense akalandira ndalama osapereka katundu amabweza. Sitikuona chifukwa chimene malonda a netiweki angakhalire osiyana.

Zaka zapitazo munthu akanatha kunena kuti foni ya tachi ndi chinthu cha anyamata ongofuna nyimbo ndi mpira. Lero si choncho, ndipo ndi boma lomwe ndi makampani amene asintha zinthu. Mlimi wa FISP akalipira K400 yake amadikira uthenga wa pafoni kuti akatenge feteleza ndi mbewu mwa njira ya e-voucher. Zotsatira za mayeso a ECZ zimafunsidwa potumiza uthenga ku 8383. Ndalama za sukulu, za maliro, za mankhwala, zochokera kwa abale a m'tauni, zonse zimadutsa pabuthu yotumizira ndi kulandirira ndalama pafoni. Tayimani pabuthu tsiku limene netiweki ikudukaduka muone. Kasitomala walowetsa nambala yake yachinsinsi, ndalama yachoka kwa iye, koma kwa wapabuthu uthenga sunafike. Wapabuthu sangapereke ndalama popanda uthenga, poti ikasowa adzalipira yekha. Kasitomala wayenda mtunda wautali panjinga ndipo wodwala akumudikira kunyumba. Akhala pansi onse awiri, wina kuyang'ana foni yake, winanso yake, nkhope zili gwa, mpaka madzulo. Anthu ochita malonda ang'onoang'ono pafupi ndi migodi ya golide ya kuno nawonso amafuna kusunga ndalama m'foni poopa kuyenda nazo m'thumba, ndipo netiweki ikakana amakakamizika kuyenda nazo m'tchire.

Sitikuiwala zimene zachitika kale, ndipo tikuthokoza. Lamulo la ICT la 2009 linakhazikitsa ZICTA n'kuipatsa udindo woteteza ogula komanso woonetsetsa kuti netiweki yafika kumidzi. Kudzera mu ntchito imeneyo boma linamanga nsanja 204 m'madera a mafumu, kenako mu 2017 linayamba gawo lachiwiri la nsanja 1,009. Midzi yambiri ya m'chigawo cha Kum'mawa inamva foni ikulira koyamba chifukwa cha ntchito imeneyi. Koma nsanja zoyamba zija zinamangidwa kuti zinyamule mawu ndi ma SMS, pa nthawi imene pafupifupi aliyense kumudzi anali ndi foni ya mabatani. Anthu asintha mafoni, nsanja zambiri sizinasinthe nawo limodzi. Mu Novembala 2022 netiweki ya 5G inayamba m'mizinda ikuluikulu ya Zambia. Ife sitikupempha 5G. Tikupempha 4G yokhazikika, imene anzathu a m'tauni akhala nayo kwa zaka.

Chaka cha 2024 chinaonetsa poyera kufooka kwina. Chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse mu Febuluwale chaka chimenecho chinatsitsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku. Nsanja zodalira magetsi a ZESCO zinatsala pa mabatire ndi majenereta, ndipo mafuta akatha, netiweki nayo inkazima. Nthawi imeneyo n'kuti anthu ali pa njala, akudalira foni kuti apemphe thandizo kwa abale. Kuno dzuwa silisowa. Nsanja ya kumudzi yopanda sola yokwanira ndi mabatire olimba idzazimanso chilala china chikadzabwera.

Choncho pempho lathu loyamba likupita ku ZICTA. Tikudziwa kuti bungweli lili ndi malamulo a mulingo wa netiweki, kuti mu 2013 linatengera makampani kukhoti chifukwa cha netiweki yosakhala bwino, ndipo kuti lakhala likulipiritsa chindapusa makampani olephera kufika pa mulingowo. Tikupempha kuti zida zanu zoyezera zisamathere pa msewu wa tala. Lowani kuno. Yezani pasukulu, pachipatala chaching'ono, pamsika, padepoti yogulira chimanga, ndipo yezani madzulo pamene anthu ambiri ali pafoni. Zotsatira zake muziulutse pa mawailesi a ku Petauke ndi ku Nyimba, m'Chinyanja ndi m'Chinsenga, kuti munthu asanagule foni kapena simu adziwe kampani imene imagwira kwawo ndi imene sigwira. Tikupemphanso kuti thumba la ndalama zofikitsira netiweki kumidzi, limene makampani amasonkhamo, liganizire dera lino pokweza nsanja zakale kufika pa 4G ndi pomanga zatsopano m'zigwa zimene mapiri atchinga.

Kwa makampani, sitikutchula dzina la kampani iliyonse pa madandaulo awa, chifukwa imene imagwira m'mudzi uno imalephera m'mudzi winawo, ndipo ambiri a ife timayenda ndi masimu awiri pa chifukwa chomwecho. Tikulankhula kwa nonse. Netiweki ikazima m'dera kwa maola, makina anu amadziwa nsanja imene yazima ndi anthu amene amaidalira. Awonjezereni nthawi ya bando popanda kuwadikira kuti adandaule, pakuti munthu wopanda netiweki sangathe n'komwe kukuimbirani. Bando ikatha, foni isayambe kudya toktaimu mwakachetechete mwini wake asanavomere. Ndalama imene yakakamira pakati ibwezedwe msanga, ndipo wodandaula ayankhidwe m'chilankhulo chimene amamva. Pamene pali nsanja kale, gawanani, kampani iliyonse iikepo zida zake, m'malo mosiya mudzi wonse m'manja mwa kampani imodzi. Ndipo anyamata amene mumawatuma kudzagulitsa masimu pamsika asamalonjeze 4G kumene kulibe.

Kwa anzathu ogulitsa mafoni ku Petauke ndi ku Nyimba, funsani wogula kumene amakhala musanalandire ndalama yake. Ngati mukudziwa kuti kwawo kumagwira mawu okha, muuzeni. Musonyezeni potsekera data, ndi poletsera mapulogalamu kudzikonza okha, chifukwa zimenezi zimamaliza bando ya munthu iye ali mtulo. Gulitsani mafoni ovomerezeka ndi ZICTA ndipo perekani risiti. Mafoni achinyengo alipo ndithu, sitikukana, ndipo wogulitsa wotere bungwe la CCPC loteteza ogula lilipo kuti limuone. Koma risiti ndi mawu oona zidzakutetezani inu nomwe.

Ifenso eni dera tili ndi mbali yathu. M'dziko muno mwamveka kambirimbiri za anthu oba mabatire, masola, mafuta ndi mawaya pa nsanja. Woba batire pa nsanja amazimitsa foni ya mudzi wonse, kuphatikizapo ya namwino amene angafune kuitana ambulansi usiku. Tikupempha mafumu athu olemekezeka ndi manyakwawa kuti nkhaniyi ilankhulidwe pabwalo, kuti malo omangapo nsanja aperekedwe popanda mikangano, ndiponso kuti wogula katundu wobedwa pa nsanja aonedwe ngati wakuba yemweyo. Makhansala athu ndi makomiti a chitukuko a m'mawadi aike nkhani ya netiweki pa mndandanda umodzi ndi ya misewu, mijigo ndi milatho.

Kwa mamembala athu ndi aliyense wowerenga chikalata ichi: musathamangire kukonzetsa kapena kugulitsa foni yanu motchipa musanaiyese pamalo pamene netiweki ili bwino. Ikagwira kumeneko, dziwani kuti foni ilibe mlandu. Netiweki ikazima, lembani m'kope tsiku, nthawi ndi mudzi, komanso bando kapena ndalama imene mwataya. Dandaulani kaye ku kampani yanu ndipo sungani nambala ya dandaulo imene akupatsani. Ngati simunathandizidwe, imbani ku ZICTA pa 7070, nambalayi ndi yaulere. Zimene mwalembazo mubwere nazo ku misonkhano ya bungwe, ife tidzazisonkhanitsa n'kuzipereka kwa akuluakulu. A ZICTA ndi a makampani, tikukuitanani kuti mubwere ku Sasare mudzakhale nafe pansi pamaso pa mafumu athu, ndipo pobwera mutenge mafoni anu omwe mudzayesere kuno.

Ife anu,
Komiti ya bungwe, m'malo mwa mamembala onse
Sasare